Mpando wa Ida pa Khonde la ku Limbe

Inu amene mumadutsa m'Limbe mukuthamangira minibasi, tsiku lina tachepetsaniko liwiro, muponye maso pa khonde la sitolo ya nsalu ya a Chandrakant. Mudzaona atelala angapo ataweramira makina awo. Amene ali kumapeto kwenikweni, a imvi m'mbali mwa mutu, tepi ikulendewera m'khosi, ndi a Raphael Likoya. Pambali pawo pali mpando wa matayala woyalidwa makushoni a zigamba zamitundumitundu, ndipo pampandopo pamakhala mtsikana wowonda, wa maso aakulu, amene manja ake sapuma. Amangowafinya ndi kuwapotokola pachifuwa, ngati munthu amene akuchapa kansalu kosaoneka. Dzina lake ndi Ida. Odutsa ena amamuponyera ndalama pamiyendo poyesa kuti anamubweretsa kudzapemphetsa, ndipo a Raphael amaimitsa makina, nawatsata, nawabwezera ndalamayo ndi manja awiri. Bamboyu sanatulukepo m'nyuzipepala, ndipo ku tchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo kuti mpando wa mwana wawo usatseke njira. Koma Iye amene amaona zobisika akuudziwa moyo umenewu, ndipo n'koyenera kuti nafenso tiudziwe.

A Raphael anakulira ku Bangwe. Anayamba kusoka pa khonde lomwelo m'masiku amene dziko linali litangolandira zipani zambiri, pamene aliyense ankafuna malaya a nsalu ya chipani chake. Anasokera a mbali zonse, osafunsa kuti mwini malaya akavotera yani. Msoko wawo unali wowongoka, ndipo sankaba nsalu yotsala, chinthu chimene a Chandrakant, mwini sitolo, anachiona ndi kuchisunga mumtima. Atakula anakwatira a Mildred, mayi wofatsa wa ku Phalombe amene ankaimba kwaya. Zaka zinapita m'nyumba muli zii, mpaka anthu anasiya kufunsa. Kenaka Ambuye anawakumbukira, ndipo Ida anabadwa.

Anali mwana wokondweretsa. Anakhala pansi pa nthawi yake, anakwawa pa nthawi yake, ndipo asanakwanitse chaka ankatha kunena "baba" ndi "tiyi". Bambo ake akamunyamula ankawakoka tepi ya m'khosi n'kuilowetsa m'kamwa. Ankaimirira atagwira benchi, nayenda m'mbali mwake akuseka.

Chaka chomwecho a Chandrakant anawatchula a Raphael kwa eni sukulu zingapo amene ankagula nsalu ya yunifolomu m'sitolo mwawo. Ntchito inabwera yambiri yosatheka pa khonde. A Raphael anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa Limbe, nagula makina ena, nalemba atelala anzawo. Posakhalitsa banjalo linasamukira m'nyumba ya magetsi kufupi ndi Mpingwe. Zinthu ziwirizi, kukwera kwa bambo ndi zimene zinagwera mwana, zinachitika nthawi imodzi, ndipo tsoka lawo linagona pamenepo.

Choyamba kutayika anali mawu. Ida anasiya kunena "tiyi", kenaka anasiya kunena "baba". A Mildred ankati mwina ndi mano akumera. Kenaka supuni inayamba kumugwa m'manja, ndipo tsiku lina bambo ake atamuweramira, tepi ikulendewera pamphuno pake, mwanayo anangoiyang'ana. Manja anakwera pachifuwa, nayamba kufinyana, ndipo kuyambira pamenepo sanagwirenso kanthu. Ankalira maola ambiri popanda womumenya. Nthawi zina ankagwira mpweya mpaka milomo kuda, nthawi zina ankapuma mofulumira ngati wathamangitsidwa. Kuyenda anaphunzira mochedwa, motangadza miyendo, ndipo ankafuna dzanja la munthu. Atafika zaka zinayi kunabwera kukomoka: ankauma thupi, maso n'kutembenuka, thovu kukamwa.

M'mizinda yathu muli chikhulupiriro chimene tonse timachidziwa, ngakhale ife opita ku tchalitchi. Munthu akalemera mwadzidzidzi pamene m'nyumba mwake muli mwana amene wasokonekera mutu, anthu amati anakhwimira mwanayo, ndiko kuti anapereka nzeru za mwana kwa sing'anga kuti zikhale chizimba cha chuma. Mawu amenewa anayamba kuyenda m'Limbe. Amayi ogulitsa tomato ankatsinana a Raphael akamadutsa. Mnyamata wina woitanira minibasi anakuwa tsiku lina anthu ali gulu, amvekere, "Mpatseni mpando wa kutsogolo bwana wa makina! Koma musamuonetse mwana wanu!" Anthu anaseka. A Raphael anakwera, koma atafika kunyumba chakudya chinawakanika.

Iwo ndi a Mildred sanaleke kupita naye Ida ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko anakumana ndi a Zohra, dokotala wa ana, mwana wa banja lina la amalonda a m'Limbe momwemo, amene ankalankhula Chichewa cha pamsika ngati wina aliyense. Atamuona Ida maulendo angapo, nayang'anitsitsa manja akewo, anapempha chilolezo chotenga magazi a mwana ndi a makolo onse awiri kuti akayezedwe kunja kwa dziko, popeza kuno makina ake kunalibe. Miyezi inadutsa yambiri. Tsiku lina anawaitana.

"Bambo, inu ndinu telala, ndiye ndilankhula za ulusi," anatero adokotala, atakokera mpando wawo pafupi. "Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timatitcha maselo. M'selo lililonse muli ulusi wautali kwambiri wotchedwa DNA, ndipo pa ulusiwo pali malangizo onse a kapangidwe ka munthu. Koma malangizowo sawerengedwa onse pakamodzi. Selo la mu ubongo lili ndi mbali zake zoti liwerenge, la pakhungu lilinso ndi zake. Ndiye pamafunika antchito ogwira ulusiwo, otsekula apa ndi kutseka apo. Antchito amenewa ndi mapuloteni."

"Mapuloteni a m'nyemba aja?" anafunsa a Mildred.

Adokotala anamwetulira. "Ndi a mtundu womwewo, mayi, koma awa thupi limadzipangira lokha, aliyense ndi ntchito yake. Tsono pali wantchito mmodzi amene dzina lake la m'mabuku ndi MeCP2. Bambo, inu musanadule nsalu mumaika zizindikiro ndi choko, si choncho? Pa ulusi uja palinso tizizindikiro totere. Wantchitoyu amatifunafuna, ndipo akatipeza amagwira pomwepo. Poyamba ofufuza ankaganiza kuti ntchito yake ndi imodzi basi, kutseka malangizo amene sayenera kuwerengedwa. Kenaka anapeza kuti pali malangizo ena amene amathandiza kuwatsekula. Anapezanso kuti amathandiza kukulunga ulusiwo kuti ukhale mwadongosolo, ngati pa bobini. Ndipo malangizo akakoperedwa kuti akagwire ntchito, zikuoneka kuti amathandizaponso podula ndi kulumikiza zidutswa zake. Mpaka lero ofufuza akukanganabe kuti mwa ntchito zonsezi yaikulu ndi iti. Mwa Ida, wantchito ameneyu anapangika molakwika. Ulusi saugwira bwino. Matendawa amatchedwa a Rett, ndipo amagwira makamaka ana aakazi."

A Raphael anati, "Nanga bwanji anabadwa bwinobwino, adokotala? Ankalankhula mwanayu. Ankanditchula ine."

"Chifukwa wantchitoyu amafunika kwambiri ubongo ukamakula, pamene maselo ake akulumikizana. Khanda limatha kuyamba ulendo popanda iye, koma pakapita nthawi kusowa kwake kumaonekera. N'chifukwa chake mwaona zinthu zambiri zikugwa motsatizana: kulankhula, manja, kayendedwe, kapumidwe, ndi kukomoka kuja. Inu mumayesa ndi matenda ambiri. Ndi wantchito mmodzi amene ankasenza ntchito zambiri."

M'maganizo mwa a Raphael munabwera alonda a pakhomo la Kachisi amene Malembo amawatchula. Anthu ankawadziwa ngati otsekula ndi otseka zitseko, koma omwewo ankasunganso ziwiya, mafuta ndi ufa wa nsembe, ndipo palibe wopembedza amene ankawaganizira malinga zonse zili m'malo mwake.

Adokotala sanawanamize. Anati mankhwala ochiritsa panalibe. Anati maselo a mu ubongo wa Ida sanafe, ali moyo koma akusowa wowayang'anira, ndipo ofufuza atabwezeretsa puloteniyo mu mbewa zodwala matenda omwewa, mbewazo zinatsitsimuka. Koma kuchoka pa mbewa kufika pa mwana wa munthu ndi ulendo wautali, ndipo iwo sakanalonjeza kanthu. Chimene chinali m'manja mwa makolo chinali ichi: mankhwala oletsa kukomoka azimwa tsiku lililonse osadumphitsa, azimudyetsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, kuti chakudya chisalowe m'mapapo, ndipo azimuyendetsa tsiku ndi tsiku atamugwira dzanja, kuti miyendo isaume.

Ida anayamba kulira, ndipo a Mildred anatuluka naye panja. A Raphael anatsala m'chipindamo, chipewa chili pa bondo. Funso limene linkawadya analitulutsa motsitsa mawu.

"Adokotala, chinthuchi chinachokera kwa yani? Kwa ine, kapena kwa mayi ake?"

"M'magazi mwanu mulibe, m'magazi mwa mayi akenso mulibe," anayankha a Zohra. "Si matenda a ku mtundu. Cholakwikacho chinachitika mwangozi pamene ulusi unkakoperedwa, mwanayu asanaumbidwe n'komwe, monga makina abwino amadumphira msoko umodzi pa nsalu yaitali. Koma popeza mwafunsa, sindikubisirani. Ofufuza amapeza kuti kawirikawiri ngozi yotere imachitikira m'mbewu ya bambo. Mundimvetse bwino: palibe chimene munachita, ndipo palibe chimene mukanachita kuti muiletse."

A Raphael anathokoza, natuluka. Mawu amenewo sanawauze a Mildred.

Lamulungu lina masana, atangobwera ku tchalitchi, anapeza alendo pakhomo. Anali a Ignatius, mlongo wamkulu wa a Mildred, kapitawo pa fakitale ina ku Makata, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo ndi mwini mbumba wa banja la kuchikazi. Anabwera ndi amayi awiri achikulire a ku Phalombe. Anali ataitananso amalume a a Raphael, nkhoswe ya kuchimuna. A Ignatius sanali munthu woipa. Ida ankamukonda, ndipo nsapato zake zoyamba anagula ndi iwo.

"Alamu, tiyiyo muikeni kaye pambali, sitinabwerere zimenezo," anayamba motero. "Mwanayu anali bwinobwino inu muli pa khonde. Mwagula makina, mwana waleka kulankhula. Mwawonjezera ena, manja afa. Mwasamukira kuno, wayamba kugwa. Ife tili ndi maso, alamu. Ku ntchito anzanga akundiseka, akuti mwana wa mlongo wako akusoka mayunifolomu ndi mutu wake."

A Raphael anafotokoza modekha zonse zimene anamva ku chipatala, za ulusi, za tizizindikiro, za wantchito mmodzi wa ntchito zambiri. Amalume awo anavomereza ndi mutu, kenaka analowetsapo mawu amene a Raphael sanawayembekezere. Anati ngati n'kufufuza, afufuzenso kuchikazi, chifukwa iwo anamva kuti ku Phalombe kunali wina wa khunyu. A Mildred anaweramitsa nkhope, misozi ikugwera pa chitenje.

"Za ulusizo tazimva," anatero a Ignatius. "Ndinu telala, nanga mukanatiuza za chiyani, za njerwa? Funso langa ndi limodzi, ndipo ndinu munthu wopemphera, muyankhe pamaso pa Mulungu. Adokotalawo anati chinthuchi chinadzera kwa yani? Kwa mlongo wangayu, kapena kwa inu?"

A Raphael anaona khomo lotulukira. Akanatha kunena kuti adokotala anati palibe wolakwa, n'kulekera pomwepo, ndipo mawuwo akanakhala oona. M'chipinda chija munalibe mboni. Koma anafunsidwa pamaso pa Mulungu, ndipo anaonanso mkazi wawo ataweramira pansi, atasenzetsedwa mlandu umene iwo ankadziwa kuti si wake. Anapukuta manja pa thalauza.

"Anati palibe wolakwa, alamu. Anati ndi ngozi. Koma anati kawirikawiri ngoziyo imachitikira m'mbewu ya bambo. Kwa mayi a Ida kulibe kanthu."

Mmodzi wa amayi achikulire aja anaomba m'manja kamodzi, nagwira pakamwa.

"Mwamva nonse," anatero a Ignatius, akuimirira. "Ngakhale makina a kunja awaona alamuwa. Ife mwana tikumutenga. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo sitingamusiye pafupi ndi chuma chimene chikumudya."

A Raphael anachonderera. Anabwereza kuti ngozi si chizimba, kuti mbewu ya munthu saiumba ndi manja ake. Palibe amene anamvanso. Amalume awo anavala chipewa natuluka, ndipo mwambo unali kumbali ya a Ignatius. A Mildred anawakokera amuna awo kukhitchini.

"Abambo a Ida, ine sindikukhulupirira zimenezi ngakhale pang'ono. Koma achimwene sabwerera m'mbuyo, mukuwadziwa. Akamutenga yekha, adzamudyetsa ndani? Ndipita naye."

A Raphael analongedza okha chikwama cha mwana. Anaikamo mabotolo a mankhwala, supuni yake yaing'ono, ndi kakushoni kamene anamusokera kochirikiza msana podya. Anamunyamula mpaka pa siteji. Minibasi itanyamuka, Ida anawayang'ana pa windo, manja akufinyana pachifuwa.

Kumudzi a Ignatius anapeza sing'anga, namulipira ndi thukuta lawo, chifukwa ankafunadi kuti mwana achire. Sing'angayo anamutema Ida mphini pamphumi ndi m'manja, ndipo analamula kuti mankhwala a ku chipatala atayidwe, ponena kuti ndiwo ankalumikiza mwana ndi bambo ake. A Mildred anabisa botolo limodzi m'thumba la ufa, koma linapezeka. Mwana ankagonekedwa pa mphasa m'nyumba tsiku lonse kuti anthu asamuone, ndipo a Mildred akapita kumunda, otsala ankamudyetsa phala chogona, mofulumira. Kukomoka kunabwerera, kochuluka kuposa kale. Mvula ili pakati, a Mildred anaimba foni atabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Akutsokomola, thupi lili moto. Sakuimanso, abambo a Ida. Ndikamuimiritsa miyendo ikungopindika. Bwerani."

A Raphael anapita. Pabwalo sanaloledwe kulowa. Anakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, akumva chifuwa cha mwana wawo chikulira m'nyumba. A Ignatius, amene anali atabwera kumudzi pa tchuthi, anatuluka nawapeza pamenepo.

"Alamu, sing'anga wanena kuti chingwe sichinaduke chifukwa makina akuzungulirabe ku Limbe. Tsekani shopu. Gulitsani makina onse amene munagula mwanayu atabadwa. Mukatero, mtengeni. Ngati chuma chanu n'choyera, mukuopa chiyani?"

Pobwerera m'basi a Raphael anaiona bwino nkhaniyo mbali zonse ziwiri. Kutseka shopu kunali kuvomera pamaso pa Limbe yense mlandu umene sanapalamule, ndipo dzina lawo silikanayeranso. Kukana kunali kumusiya Ida pa mphasa ija popanda mankhwala. Anaganizako zopita kupolisi kapena kubwalo la milandu, koma anadziwa kuti pofika poti nkhani imveke, chifuwa chija chikhala chitamaliza ntchito yake. Atatsika basi anapita molunjika kwa a Chandrakant, amene tsopano anali okalamba, atakhala kuseri kwa kauntala pakati pa mipukutu ya nsalu.

"Raphael, wapenga iwe?" anatero mkuluyo atamva. "Ukatseka shopu, anthu onsewa adzati wavomera."

"Akunena kale, bwana."

"Kunena ndi kwina, kuwapatsa umboni ndi kwina. Ine ndakuona kuyambira uli ndi sizasi imodzi. Ntchito ija ndinakupezera ndine, sing'anga wako ndine! Ndipite ndikawauze?"

"Adzati nanunso muli momwemo, bwana. Mukudziwa zimene amanena za masitolo a m'Limbe."

A Chandrakant anapukusa mutu. "Mwana sachira ndi kugulitsa makina."

"Ndikudziwa. Adokotala anandiuza kuti sachira. Ine ndikungofuna abwere kunyumba azimwa mankhwala ake."

Mkuluyo anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali. "Malo ako pa khonde alipo," anatero pomaliza. "Wina anaikapo makatoni. Ndiwachotsa."

A Raphael anawapezera atelala awo malo kwa anzawo, nabweza ntchito ya mayunifolomu, nagulitsa makina onse kupatula akale aja opalasa ndi phazi amene anayamba nawo. Ogula ena ankawaza makinawo madzi a mchere asanawakweze pa galimoto, a Raphael akuona. Anatumiza mawu ku Phalombe, ndipo a Ignatius anabwera kudzaona ndi maso awo chipinda chopanda kanthu. Sanaphwanye lonjezo. Ida anabwera ali kumsana kwa mayi ake, ndipo kuchoka pa siteji anapita naye molunjika ku chipatala.

Chinali chibayo, mapapo onse awiri. A Zohra anayang'ana mphini za pamphumi, nayang'ana miyendo yowuma ija, naitana anamwino. Ida anakhala pa mpweya wa m'botolo masiku ambiri. Anapulumuka, koma sanaimenso. Kuyenda kuja kwa motangadza, kumene bambo ake ankakusamala m'mawa uliwonse pa bwalo la ku Mpingwe, kunatsala ku Phalombe. A Ignatius anabwera ku wodi ndi nthochi ndi botolo la sobo, naima pa bedi, misozi ili m'maso. "Tinachedwa kumuchotsa pafupi ndi chuma chija," anatero. Mpaka lero amakhulupirira zomwezo.

Banjalo linabwerera ku Bangwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri. A Mildred anapeza ntchito yosesa maofesi m'tauni ya Blantyre, ndipo popeza amalawirira, Ida amapita ku khonde ndi bambo ake. Dzina la a Raphael silinayere. Ena amati chizimba chinawatembenukira. Pali amayi amene amabwera ndi nsalu, koma ikafika nthawi yoyeza mwana amamukokera kumbuyo kwawo, n'kunena kuti abweretsa malaya akale kuti ayezerepo. A Raphael amalandira malaya akalewo, nayezerapo, nasoka msoko wowongoka womwe uja. Ku chipatala amapitabe, ndipo nthawi zina amafunsa za mbewa zija. Adokotala amayankha kuti ofufuza akuyesabe, ndipo iwo amati, "Zikomo, tidikira."

Koma mukakhala pa khondepo kanthawi, mudzaona chinthu chimene othamangira minibasi sachiona. Ida salankhula ndipo sangaloze ndi chala, koma maso ake ali ndi mawu. Bambo ake akafuna kusoka diresi amatenga maulusi awiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo, nawakweza patsogolo pake.

"Mayi, tisoke ndi uti?"

Ida amayang'ana uku, nayang'ana uko, kenaka maso amakhazikika pa umodzi osasunthanso. Umenewo ndi umene umalowa m'singano. A Amida, telala wa makina oyandikana nawo, salephera kuponyapo mawu.

"A Raphael, mwalemba kapitawo wopanda malipiro. Tikakunenezani ku leba!"

"Kanenezeni," amayankha a Raphael. "Akakufunsani kuti bwanji dzulo anakana ulusi wanu wachikasu uja, mukayankhe nokha."

Pamenepo Ida amatulutsa kaphokoso kake ka pakhosi, kamene onse a pa khondepo amakadziwa kuti ndi kuseka. Nthawi ya chakudya ikakwana makina amaima, ngakhale mwini malaya atakhala kuti akudikira. A Raphael amamukhazika tsonga, namuchirikiza ndi kakushoni kaja, namupatsa supuni imodzi, nadikira kuti ameze, namupatsanso ina. Akatha amamupukuta pakamwa, namuwongola miyendo ndi zala, namutembenuza kuti msana usachite zilonda. Madzulo oitanira minibasi amakangana za pamene mpando uikidwe ukapindidwa, ndipo alipo mmodzi amene amakuwa, "Dikirani kaye, adona akwere!"

Pa mapemphero a m'milaga a Raphael salankhula kawirikawiri. Tsiku lina atapemphedwa kunena mawu, anati chimene chimawadabwitsa n'chakuti m'thupi la aliyense wa ife muli wantchito ameneyu, wogwira ulusi usana ndi usiku, wotseka ndi wotsekula, ndipo timafika kumanda osadziwa dzina lake, osamuthokozera Mlengi ngakhale kamodzi. Anati iwo anamudziwa chifukwa m'nyumba mwawo anasowa. Atatero anakhala pansi.

Ambuye wathu atafunsidwa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, anakana zonse ziwiri. Yankho limenelo timaliwerenga m'matchalitchi athu chaka ndi chaka, komabe tikatuluka panja timaloza zala pa makonde. Mwana uyu anataya mawu ndi manja chifukwa cha ngozi imene palibe munthu anaipanga. Miyendo yake inatayika chifukwa cha ife, ndi zimene timanong'onezana.

Mulungu wa chifundo, amene anaumba ulusi wobisika m'thupi la munthu, awasunge a Raphael pa khonde lawo, awalimbitse msana ponyamula ndi maso posoka, ndipo awayeretsere dzina pa tsiku limene zonse zidzaululika. Awatonthoze a Mildred pamene akusesa. Awatsekule maso a Ignatius mofatsa, kuti choonadi chisawaphwanye. Amufungatire Ida, ampatse mpweya wodekha ndi tulo tabwino, kufikira manja akewo adzapumule. Ndipo inu amene mwawerenga, Ambuye atchinjirize nyumba yanu ndi ana anu, asunge lilime lanu pamene mukudutsa pa khomo la wovutika, ndipo mtendere wake ukhale nanu. Amen.